Ndinalemba Ndekha Kuti Ndili Kunja

Moni nonse, abale anga. Tiyamike Mulungu amene watilola kukhala pa mabenchi ano tili amoyo.

Mwaona mmene andionetsera kwa inu a Ngozo, apongozi anga, amene akhala pakona apo ndi ndodo yawo. Anaimirira, n'kunena kuti, "Awa ndikuwadziwa," n'kukhala pansi. Ena munaseka, poti mumayembekezera mbiri yaitali. Ine sindinaseke. Ndikamaliza mudziwa chifukwa chake.

Dzina langa ndine Fabiano, kwathu ndi ku Bembeke konkuno. Andiuza kuti pagulu lino ena muli ndi milandu ku khoti, ena muli pa belo, ena mwangotuluka kumene. Zonsezo ndinadutsamo. Sindine wodziwa kulankhula, choncho ndingonena mmene zinayendera.

Ndinali dalaivala wa lole. Kwa zaka zambiri ndinkanyamula matabwa a paini kuchokera kwa ocheka m'Phiri la Dedza kupita nawo ku Lilongwe. Anthu ankandidziwa ngati munthu wosamala. M'mawa uliwonse ndinkayang'ana oyilo, madzi ndi matayala ndisanalize injini. Chimene sankadziwa n'chakuti m'nyengo yozizira ndinayamba kumwa kachasu pang'ono ndisananyamuke. Ndinkati n'kochotsera mphepo. Nyengo yozizira inatha, koma ine sindinasiye.

M'mawa wina, nkhungu itadzaza msewu cha ku Linthipe, ndinagunda munthu wa panjinga amene ananyamula thumba la chimanga. Dzina lake Lingisoni, wa ku Mayani. Mwendo wake unathyoka pawiri. Ndinamunyamula ndekha kumuika m'galimoto ina yopita kuchipatala. Kupolisi ndinati ndi nkhungu. Ku khoti ndinatinso ndi nkhungu, ndipo mlandu ndinaukana.

Kuti nditulukire pa belo panafunika munthu wondiimira. Achibale anga anali kutali. Anabwera a Ngozo, bambo wa mkazi wanga. Achinyamata mwina simukudziwa kuti a Ngozo anali ndani kuno. Anaphunzitsa sukulu mpaka kupuma ntchito. Maukwati ambiri a m'dera lino mboni yake anali iwo. Anthu akakangana malire a munda ankati, "Tiyeni tikafunse aphunzitsi," ndipo zimene anena iwo zinkathera pomwepo. Chuma analibe. Anali ndi mawu basi.

Woweruza anawafunsa kuti, "Mukumudziwa bwino munthuyu?"

Iwo anati, "Awa ndikuwadziwa, bwana. Akauzidwa kuti khalani apa, amakhala."

Ananditulutsa. Anandipatsa pepala la malamulo atatu: ndizikasaina kupolisi pakatha milungu iwiri iliyonse, ndisiye pasipoti, ndipo ndisatuluke kunja kwa dziko popanda chilolezo cha khoti. Ndinalipinda pepalalo n'kuliika m'Baibulo. Sindinaliwerengenso.

Ntchito inatha mlungu womwewo. Munthu wozolowera msewu ukamukhazika pakhomo amasowa chochita. Ndinayamba kumwa masana, osabisanso. Kwa Lingisoni sindinapiteko ngakhale kamodzi. Ndinkadziuza kuti nkhani ili m'khoti. Chimene chinanditenga ndi foni. Ndinali ndi tsamba pa masamba a mchezo aja, limene kale sindinkalisamala. Tsopano ndinkakhalira pomwepo. Ndinkaika zithunzi zakale za lole, ine nditatsamira chitseko, matabwa atadzaza mpaka pamwamba. Munthu akalayika, kusonyeza kuti chithunzicho wachikonda, ndinkamva ngati wandipatsa moni panjira. Aliyense wopempha ubwenzi ndinkamulola osayang'ana kuti ndi ndani. Pakati pa amenewo panali wina wodzitcha "Mwana wa Mayani," amene m'malo mwa nkhope anaika chithunzi cha njinga. Ndinamulolanso.

Kenaka unabwera uthenga wakuti kwa amalume anga akuvundukula chiliza. Amalumewo anagona kutsidya, ku Mozambiki, kumene anabadwira mayi anga.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere, chifukwa cholakwa ichi ndi chathu cha anthu a m'malire muno. Munthu wa ku Zomba sangachichite. Kwa ife malire ndi msewu, pena mzere wa mitengo, pena mwala umene mbuzi zimagonapo. Nyemba timagula uko, iwo chimanga amadzagayitsa kuno. Palibe amene amati ndikupita ku dziko lina. Timangoti ndaolokera kutsidya, ndibwera madzulo.

Mkazi wanga, amake Tadala, anandipeza ndikupopa njinga.

"Bambo a Tadala, pepala lija linati chiyani?"

"Linati ndisapite kunja."

"Nanga uko si kunja?"

"Kunja ndi ku Joni, mayi. Kunja munthu amapita ndi pasipoti. Uko n'kwa amalume. Ndinayamba kupitako ndisanadziwe nsapato."

"Kaafunseni kaye bambo."

"Ndikavutitse munthu wamkulu chifukwa cha ulendo wa panjinga?"

Anangondipatsa jekete.

Mwambo wa chiliza unayenda bwino. Tinapemphera, nsalu inachotsedwa, tinawerenga dzina la amalume. Ndikanabwerera pomwepo, ndikanakhalabe wolakwa, koma mwina ndikanafika kunyumba ndili ndi manyazi pang'ono. M'malo mwake msuweni wanga Zakeyu ananditenga pa njinga yamoto kupita ku Vila, tauni ya kutsidya komweko, kukamwa. Mukudziwa mmene asuweni amachitira.

"Asuweni," anatero, "ku Bembeke akuti munatha. Akuti lole munasinthanitsa ndi mpando wa pakhonde."

"Ndatha ine?"

"Ndiye imani apo pa chikwangwani cha Chipwitikizicho, akuoneni. Kwezani botolo. Sekani, inu! Nkhope ngati muli kale m'khoti bwanji?"

Ndinaseka. Anajambula. Ndinatenga foni n'kuika chithunzicho pa tsamba langa, ndipo pansi pake ndinalemba kuti: "Amene mumati tatha, onani. Tili kunja, tikudya moyo." Foni nayo inawonjezera yokha dzina la malowo ndi la dziko.

Taonani mmene munthu amadzinamizira. M'mawa ndinauza mkazi wanga kuti uko si kunja. Madzulo ndinauza dziko lonse kuti ndili kunja. Pakamwa pomwepo, tsiku lomwelo. Pofuna kupita, kunali kwa amalume. Pofuna kutamidwa, kunali kunja.

Anthu analayika ambiri. Ndinabwera mawa lake ndili wokondwa.

Tsiku losaina litakwana ndinapita kupolisi monga mwa masiku onse. Nditasaina, wapolisi anati, "Bambo, dikirani pang'ono." Anatsegula kabati n'kutulutsa pepala. Chinali chithunzi changa chija, atachisindikiza, botolo lili m'mwamba.

Ku khoti ndinayesa kudziteteza. Ndinati, "Bwana, kumeneko si kunja kwenikweni. N'kwa amalume."

Woimira boma anandipatsa pepalalo. "Mawu ali pansiwa analemba ndani?"

"Ine."

"Tawerengani mokweza, khoti limve."

Ndinawerenga. "Tili kunja, tikudya moyo." Anthu a kumbuyo anaseka mpaka anachita kuwakhazika chete.

Kenaka woweruza anaitana a Ngozo. Anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Bambo, munatiuza kuti munthuyu mukumudziwa."

"Ndinatero, bwana."

"Munadziwa za ulendowu?"

"Ayi, bwana." Kenaka anati, "Ndaona kuti sindinkawadziwa."

Sanandiyang'ane. Belo inathetsedwa, ndipo ananditumiza kundende kukadikira mlandu wanga ndili m'kati.

Za m'ndende sindinena zambiri. Ena mwa inu mukuzidziwa kuposa ine. Masiku oyamba manja ankanjenjemera chifukwa chosowa mowa, moti kapu ndinkaigwira ndi manja awiri. Kuzizira kwa kuno mukukudziwa. Pa simenti kumalowa m'mafupa. Koma choipa kwambiri chinali mumtima. Sindinadzione wolakwa. Ndinkada Zakeyu. Ndinkada foni. Koposa zonse ndinkada munthu amene anapereka chithunzicho, ndipo tsiku lonse ndinkatchula m'mutu mayina a anzanga, kufunafuna wandipereka.

Mkazi wanga ankabwera ndi chakudya. Tsiku lina anati, "Bambo asiya kuimira anthu."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Kunabwera ana awiri kudzawapempha akhale mboni ya ukwati wawo. Akana. Akuti, 'Pezani wina, mawu anga anagwa m'khoti.' A malire a munda nawonso awabweza. Ngakhale kuwerenga m'tchalitchi asiya. Amakhala kumbuyo."

Zinandipweteka. Koma ndikuuzeni zoona: ngakhale apo ndinati wolakwa ndi uja anapereka chithunzi.

Tsiku lina loona alendo anandiitana. Ndinkayesa ndi amake Tadala. Ndinapeza mwamuna wowonda atakhala pa benchi, ndodo ziwiri zoyendera atazitsamiritsa kukhoma. Nkhope sindinaizindikire. Ndinazindikira mwendo.

"Muli bwanji, adalaivala?" anatero.

"Ndili bwino. Kaya inu, a Lingisoni?"

"Ndili monga mukundioneramu." Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwana wa Mayani ndine."

Ndinakhala pansi.

Analankhula mosakweza mawu. "Ndinagona pamphasa miyezi. Mlamu wanga anandibwereka foni kuti ndisamangoyang'ana denga. Ndinakufunafunani. Ndinkafuna ndione nkhope ya munthu amene anandigunda, poti tsiku lija ndinangoona matayala. Munandilola tsiku lomwelo. Ndinati mwina mwandizindikira, mundilembera kuti pepani. Ndinadikira. Ndinkangoona lole. Lole m'mawa, lole madzulo."

Iye anapitiriza.

"Tsiku limene munalemba kuti mukudya moyo, ine ndinali nditangochoka kuchipatala. Anali atandiuza kuti mwendowu sudzapalasanso njinga. Ndinachiyang'ana chithunzicho, mano onse ali pamtunda. Mawa lake ndinatenga ndodo zangazi n'kukwera minibasi. Musavutike kufunafuna. Ndinapereka ndine."

Chidani chimene ndinachisunga miyezi yonse ija chinasowa pogwira. Munthu amene ndinkamufunafuna anali patsogolo panga, ndipo sindikanatha kumuda.

Ndinafunsa kuti, "Nanga mwabwereranji?"

"Kwathu kunabwera mdala wina wa imvi. Anachita kufunsa njira kuyambira pa msika. Atafika anavula chipewa n'kugwada pakhomo panga. Ndinati, 'Agogo, dzukani, mundichititsa tsoka.' Iwo anati, 'Ndinaimira munthu amene anakupwetekani. Ndinanena zosaona pamaso pa khoti mosadziwa. Ndabwera kudzapepesa.' Anagwada pa dothi, adalaivala. M'malo mwa inu."

Abale anga, a Ngozo ndi apongozi anga. Kwathu kuno mkamwini sadya nawo mbale imodzi apongozi, sawayang'anitsitsa kumaso. Munthu ameneyo ndi amene anakagwada pa khomo la mlendo chifukwa cha botolo langa.

Lingisoni anapitiriza. "Ndabwera ndi funso limodzi. Pamene munkandinyamula paja ndinamva fungo la kachasu. Koma ku khoti mukuti nkhungu, nkhungu. Mwanena kambiri moti ndayamba kudzikayikira ndekha, kuti mwina ndinalota, mwina ndine ndinalowa pakati pa msewu. Ndiuzeni. Munamwa kapena simunamwe?"

Panalibe woweruza pamenepo. Panalibe wolemba. Ndikanatha kunenanso nkhungu. Ndinayang'ana ndodo zija. Zinali zosema pamanja, pogwirira atakulungapo chubu cha njinga. Ndinadziwa kuti chubucho chinachoka pa njinga iti.

Ndinati, "Ndinamwa."

Anapuma mpweya wautali. "Zikomo," anatero. "Ndiye mukanenenso komweko."

Anatenga ndodo zake n'kumapita. Sananene kuti wandikhululukira, ndipo ine sindinapemphe. Ndinalibe nkhope yopemphera.

Tsiku la mlandu litafika ndinakweza dzanja n'kunena kuti ndikusintha mawu anga. Ndinavomera zonse, za mowa zomwe. Anandipatsa chilango, ndinachigwira mpaka kutha. Layisensi anandilanda. Sindidandaula nazo.

M'chipinda chathu munali mkulu wina amene ankakonda kundiseka. Ankati, "A Kunja, inu cholakwa chanu n'chimodzi: mukanapita osajambula." Dzina lakuti a Kunja linandikanirira mpaka ndinatuluka. Ndikudziwa kuti ena muno mukuganiza ngati mkulu ameneyo. Tamverani. Foni sinandinamizire. Inanena zoona zimene ine ndinkabisa. Ndikanapita osajambula, mawu a apongozi anga ndikanawaphwanyabe, kungoti iwo sakanadziwa. Ndipo ndikanapitanso kachiwiri, kachitatu.

Komabe za foni ndinena, poti ambiri muli nazo m'matumba. Chimene waika pa tsamba sichikhalanso chako. Ine nditatuluka ndinafufuta tsamba lonse, koma chithunzi chija chilipobe m'mafoni a anthu. Mwana wanga Tadala anzake anamuonetsa kusukulu. Sudziwa amene akukuona. Iwe umalemba poganizira anzako khumi a kumowa, koma amawerenga ndi amene unamulakwira, ndi wapolisi, ndi mwana wako. Ndipo nthabwala ikasindikizidwa papepala n'kuwerengedwa m'khoti siikhalanso nthabwala.

Zimene ndinachita nditatuluka ndi zazing'ono. Mowa ndinasiya, osati tsiku limodzi. Ndinagwa kawiri, ndipo kawiri konseko ndinamuuza mkazi wanga ndisanafunsidwe. Njira ya kumalo omwera ndinaisintha, ndimazungulira kumunsi kwa sukulu ngakhale kuli kotalika. Foni yaikulu ndinapatsa amake Tadala, ine ndili ndi kafoni ka mabatani aka. Ntchito ndinapeza kwa mmisiri wina wopala matabwa. Matabwa omwe ndinkanyamula aja tsopano ndimawapala, ndipo ndaphunzira kukhoma zitseko.

Mvula yoyamba ikagwa ndimapita ku Mayani ndi khasu langa. Chaka choyamba Lingisoni anangondilozera munda ndi ndodo, osalankhula. Chaka chachiwiri anandipatsa mpando. Chaka chino anandiseka kuti mizere yanga ndi yokhota ngati mmene ndinkayendetsera lole. Ndinabwerera kunyumba ndikumwetulira ndekha njira yonse.

Inu amene muli pa belo, pepala lanu litulutseni m'Baibulo muliwerenge. Mawu amene simukuwamvetsa musawamasulire nokha, makamaka ngati kumasulirako kukukomerani. Kafunseni ku khoti. Ine ndinamva pambuyo pake kuti ndikanatha kupempha chilolezo chopita ku chiliza chija. Kaya akanandilola kaya akanakana, mawu a munthu wamkulu akanatsala chiimire. Pa pepala la boma, kwa amalume ndi kunja. Ndipo kumbukirani kuti simunatuluke nokha. Pali wina amene anaimirira n'kuika dzina lake pansi kuti inu mugone kwanu.

Kwa a Ngozo ndinapita mlungu womwe ndinatuluka. Ndinakhala pansi patali, monga mwa ulemu, n'kupepesa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anati, "Ndamva." Kenaka anayamba kukamba za mvula.

Zaka zitatu zapita chomwecho. Moni ankandipatsa. Ndikawakonzera chitseko ankathokoza. Koma kuimira munthu sanaimirenso, ngakhale mmodzi. Maukwati ankadutsa, iwo ali kumbuyo. Ndinafika povomereza kuti chimenecho ndinachiphwanya ndipo sichidzakonzeka.

Lero m'mawa ndikubwera kuno ndinawapeza ataima pamphambano, atavala jekete lawo la Lamulungu.

"Akuti mukukalankhula kutchalitchi," anatero.

"Inde, bambo."

"Akakuonetsani kwa anthu ndani?"

"Palibe, bambo. Ndikangoimirira ndekha."

Anayang'ana njira, n'kukonza chipewa. "Tiyeni," anatero.

Njira yonse sitinalankhulane. Sindinadziwe chimene adzanene. Ndinkaganiza kuti mwina adzakuuzani kuti uyu ndi uja anandichititsa manyazi, mumvereni kuti musafanane naye. Akanatero sakanalakwa.

Mwamva nokha zimene anena. Mawu awiri, omwe aja ananena m'khoti tsiku loyamba. Inu munaseka kuti afupikitsa. Ine ndikudziwa kumene mawuwo anagwera, ndi mtunda umene mdalayu wayenda kuti akawatole.

Bambo, ndamva. Ulendo uno mukati khalani apa, ndikhala.

Ndathera pamenepa, abale anga. Mulungu atisunge tonse, ife ndi amene anatiimira.